Ndalama za Sukulu ndi za Ana: Uthenga kwa Akhristu ndi Anthu Onse Akufuna Kwabwino





1. Mawu oyamba

Ife a bungwe la mpingo loona za chilungamo ndi ulamuliro wabwino tafuna kuti lero tilingalire nanu pamodzi za ndalama zimene boma limatumiza ku makhonsolo ndi ku masukulu a pulayimale. Ena anganene kuti nkhani yotere siyoyenera kukambidwa m'nyumba ya Mulungu. Koma tikumbukire kuti ngakhale kalata ya maepiskopi ya pa 8 Marichi 1992, imene inatsegula maso a mtundu wathu, inadandaula za kuthithikana kwa ana m'makalasi ndi kuchepa kwa aphunzitsi. Pamene mwana akumanidwa zake, mpingo sungakhale chete.

2. Kumene tachokera

M'chaka cha 1994 boma linathetsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. M'chaka cha 1998 dziko lino linavomereza ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma aang'ono, zimene zinapereka ntchito yoyang'anira maphunziro a pulayimale m'manja mwa makhonsolo. Tisaiwale kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 tinakhala opanda makhansala, motero ndalama zinkalowa m'makhonsolo popanda oimira anthu osankhidwa ndi mavoti oti azilondoloze. Chizolowezi chosafunsa chimene chinamera nthawi imeneyo sichinazulidwe chonse.

3. Njira imene ndalama ziyenera kudzera

Nyumba ya Malamulo ikavomereza bajeti, Unduna wa Zachuma umatulutsa ndalama za makhonsolo, ndipo bungwe la National Local Government Finance Committee limaunika kagawidwe ndi kagwiritsidwe ntchito kake. Gawo lina limayendetsa ofesi ya maphunziro ya pa boma. Gawo lina ndi thandizo lotukulira masukulu, limene limaikidwa mu akaunti ya kubanki ya sukulu iliyonse. Thandizo limeneli silibwera kuti mphunzitsi wamkulu aone chochita nalo ayi. Liyenera kutsata pulani imene aphunzitsi, komiti ya sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi, gulu la amayi, mafumu ndi ana omwe anagwirizana: kugula choko ndi makope, kukonza madesiki ndi zimbudzi, kuthandiza ana amasiye ndi aulumali kuti asasiye sukulu.

4. Zimene zikutidetsa nkhawa

M'maulendo athu m'mipingo yosiyanasiyana timamva madandaulo ofanana. Ndalama zimafika mochedwa, chaka cha sukulu chitapita kale patali, mitengo ya katundu itakwera. Pena ndalama za maphunziro zimabwerekedwa kukagwira ntchito zina pa khonsolo, osabwereranso. Pena anthu awiri okha, osayinira ku banki, ndiwo amadziwa zimene zalowa ndi zimene zatuluka, pamene a komiti ena amangomva kuti zatha. Zotsatira zake n'zakuti makolo amalamulidwa kusonkha ndalama zogulira zinthu zimene boma linalipira kale, ndipo mwana wa mayi wamasiye amabwezedwa kunyumba chifukwa cholephera kupereka. Kuba kwa ndalama za boma kumene kunaululika ku Capital Hill m'chaka cha 2013 kunatikwiyitsa tonse. Nanga bwanji sitikwiya pamene zomwezo zikuchitika pa sukulu ya m'mudzi mwathu?

5. Phunziro lochokera kwina

Vutoli si lathu lokha. Ku United States masukulu amayendetsedwa ndi madera awo, ndipo ndalama zambiri zimachokera ku misonkho ya m'deralo ndi ku boma la chigawo, pamene boma lalikulu limangoonjezerapo gawo laling'ono. M'chaka cha 1965 Pulezidenti Lyndon Johnson anasayinira lamulo lopereka thandizo lapadera, lotchedwa Title I, ku masukulu a ana osauka. Pofika 1969 zinadziwika kuti madera ena ankawononga ndalamazo pa zinthu zosakhudza ana osaukawo, ndipo ena ankachepetsa ndalama zawozawo poona kuti thandizo labwera. Choncho m'chaka cha 1970 lamulo linakhwimitsidwa kuti thandizolo likhale loonjezera pa zimene dera limapereka kale, osati lolowa m'malo mwake. Mfundo imeneyi tiigwire: thandizo la boma kapena la abwenzi akunja lisakhale chifukwa choti khonsolo ibweze dzanja lake.

6. Kuunika kwa Mawu a Mulungu

M'buku la Ezara, mutu 8, timamva kuti Ezara anayeza siliva ndi golide pamaso pa ansembe asanawasenzetse, ndipo atafika ku Yerusalemu chumacho chinayezedwanso ndi kulembedwa. Ezara sanaope kuti ansembe akhumudwa. Nayenso Paulo Woyera, pa 2 Akorinto 8, sanafune kunyamula yekha zopereka za osauka, kuopa kuti wina angamukayikire. Munthu wokhulupirika sadana ndi kuwerengera. Ndime 12 ya Malamulo Oyendetsera Dziko lino ikunenanso kuti aliyense wokhala pa udindo anangosungitsidwa mphamvuzo ndi anthu.

7. Pempho lathu

Tikupempha boma kuti lizitumiza ndalama za masukulu chaka cha sukulu chisanayambe, ndipo lizilengeza kuchuluka kwa zimene lapereka ku boma lililonse.

Tikupempha makhansala ndi akuluakulu a makhonsolo kuti asapatutse ndalama za maphunziro, ndipo malipoti a mkulu wolondoloza chuma cha boma azikambidwa poyera, olakwa n'kuyankhapo.

Tikupempha aphunzitsi aakulu ndi makomiti kuti azimata pa bolodi la sukulu ndalama zimene zabwera, tsiku lake, zimene zagulidwa ndi mitengo yake, ndipo malisiti aziwerengedwa pa msonkhano wa makolo.

Tikupempha mafumu kuti asateteze wolakwa chifukwa cha chibale.

Inu makolo, musatope kupita ku misonkhano ya sukulu. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2020. Kufunsa si mwano, ndi ufulu wanu. Funsani mwaulemu, koma funsani ndithu.

Ifenso a mpingo, amene tili ndi masukulu ambiri m'dziko muno, tiyambe ndife kuonetsa mabuku athu. Sitingadzudzule ena pamene za kwathu zili m'chimbulimbuli.

8. Mawu omaliza

Akuluakulu anati m'mera m'poyamba. Mwana amene wamaliza Sitandade 4 osadziwa kuwerenga sadzabwezeredwanso zaka zimenezo, ngakhale wakubayo atadzamangidwa. Tiyeni tsono tikambirane nkhaniyi m'miphakati ndi m'magulu athu sabata ino, ndipo mpingo uliwonse usankhe anthu oti akakhale nawo pa msonkhano wotsatira wa sukulu yoyandikana nawo.

Mulungu Wamphamvuzonse adalitse ana athu, aphunzitsi athu ndi dziko lathu la Malawi.