Tisanakhulupirire za pa foni, tiyambe tafunsa



Nkhani yathu lero ndi ya foni. Kale nkhani za ulimi tinkazimva pa wailesi, kwa alangizi kapena pabwalo la amfumu, ndipo mwini mawu tinkamudziwa. Lero zikubwera pa WhatsApp ndi pa Facebook usana ndi usiku, zambiri zopanda mwini. Zina ndi zoona ndipo n'zothandiza. Mu Malichi 2023, machenjezo a namondwe wa Freddy ochokera ku nthambi yoona zanyengo anayenda pa mafoni omwewa. Koma zina ndi msampha wotchera thukuta la mlimi.

Msampha woyamba ndi wa feteleza. Uthenga umabwera wakuti dzina lanu lasankhidwa kuti mugule feteleza wotsika mtengo, tumizani ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba lero lomwe. Tikumbutsane: kuyambira pa makuponi a mu 2005 mpaka AIP ya mu 2020, yomwe inkafuna chiphaso cha unzika, maina ankalembedwa m'midzi alangizi ndi mafumu ali pomwepo, ndipo ndalama tinkalipira pamalo ogulira, thumba tikuliona. Wofuna kuti mulipire pa nambala yake, kapena wofunsa nambala yanu yachinsinsi, ndi wakuba.

Wachiwiri ndi wa mitengo. Pa nthawi yokolola pamamveka mphekesera yakuti mtengo wa soya kapena mtedza ugwa sabata yamawa, gulitsani msanga. Wopindula ndi mantha athuwo ndani? Ndi uja wakoleka sikelo yake pamtengo pamsika. Unduna wa zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu chaka ndi chaka. Tiyambe taidziwa tisanatsegule nkhokwe.

Wachitatu ndi wa mankhwala. Mu Disembala 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi chifukwa cha mbozi zachilendo zimene zinalowa m'chimanga. Mlimi wothedwa nzeru amayesa chilichonse, choncho malangizo osakaniza izi ndi izo anachuluka, pamodzi ndi mankhwala a m'timabotolo topanda dzina. Mankhwala ovomerezeka amakhala ndi chizindikiro chofotokoza dzina lake, mlingo wake ndi tsiku lothera mphamvu. Opanda izi angathe kuwotcha mbewu, ngakhalenso kudwalitsa wopoperayo.

Tsono uthenga ukafika, tiufunse mafunso anayi. Wanena ndani? Mawu akuti "boma lati" sakwanira. Tifune dzina la ofesi, ndipo timve ngati wailesi yanenanso zomwezo. Chidindo cha boma pa chithunzi cha kalata si umboni, pakuti mnyamata wodziwa kompyuta amachikopera mosavuta. Wanena liti? Chithunzi cha chaka chatha chimabweranso ngati cha dzulo. Akufuna chiyani kwa ife? Ukakhala wotifulumizitsa kutumiza ndalama kapena kugulitsa mbewu, tiime kaye. Nanga malangizowo ndi a dera lathu? Mbewu yochita bwino ku Dedza singachite chimodzimodzi ku Nsanje, ndipo kanema wojambulidwa kunja sadziwa nthaka yathu.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kalabu iliyonse isankhe anthu awiri, mayi ndi bambo, oti azitengera uthenga wokayikitsa kwa alangizi kapena ku EPA tisanachitepo kanthu. Uthenga umene sitinautsimikize tisautumize kwa anzathu, chifukwa bodza limayenda ndi zala zathu zomwe. Amene waberedwa asachite manyazi. Akanene ku polisi ndi ku kampani ya foni, nambala ya wakubayo itsekedwe.

Koma udindo si wa mlimi yekha. Ena mwa ife tinagwirapo ntchito ya ulangizi, ndipo tikudziwa kuti mphekesera imakula pamene ofesi yakhala chete. Choncho tikupempha unduna kuti uzilengeza mitengo ndi ndondomeko ya zipangizo nthawi yabwino, m'zinenero zathu, pa wailesi ndi pa zikwangwani za ku EPA. Tikupempha kuti alangizi achuluke ndipo apatsidwe mayendedwe. Tikupemphanso bungwe la MACRA ndi apolisi kuti lamulo la mu 2016 lokhudza milandu ya pa intaneti ligwire ntchito poteteza mlimi wa kumudzi, osati anthu a m'tauni okha.

Tikabwerera kwathu, nkhaniyi ikakambidwe pa msonkhano wotsatira wa kalabu.