Mukamva za golide, yambani mwafunsa chiphaso

Lero tisiye kaye za manyowa ndi mbewu, tikambe za mphekesera ya golide. Enanu mwamva za anthu osefa golide mu mtsinje wa Nanjiri cha ku Nathenje, ena za ku Makanjira ku Mangochi kapena ku Lisungwe. Achinyamata a ku Kawale, ku Chinsapo ndi ku Area 23 akufunsa ngati nawonso angapite Loweruka ndi fosholo ndi beseni kukangoyesa mwayi.

Choyamba kudziwa ndi ichi: munda ndi wanu kulima, koma miyala ya pansi pake ndi ya dziko. Lamulo la za migodi la 2023 likutero, monganso ankanenera malamulo a 1981 ndi 2019. Golide, rube ngati wa ku Chimwadzulu ku Ntcheu, kapena miyala yonyezimira ya ku Mzimba, zonsezi sizikumbidwa popanda chiphaso, ngakhale padimba la agogo anu. Kunena kuti "ndimangoyeserera" sikukupulumutsani. Kalata ya amfumu nayonso si chiphaso.

Ziphaso zilipo zosiyanasiyana. Nditchula maina ake m'Chingerezi chifukwa ndi momwe mukawapezere ku ofesi.

Chofufuzira chimatchedwa non-exclusive prospecting licence. Chimakulolani kufunafuna miyala m'dera lolembedwa pachiphasocho, koma osati kutsegula mgodi.

Chokumbira ndi small-scale mining licence. Ichi ndi cha Amalawi, ndipo chimanena malo enieni okumbapo. Ambiri amachipeza mosavutikira akakhala pagulu ngati kopaletivi, chifukwa amagawana ndalama zolipira.

Chogulira ndi kugulitsira ndi reserved minerals licence. Venda akabwera ndi sikelo yake, mufunseni chimenechi.

Ziphasozi zimayendetsedwa ndi bungwe la Mining and Minerals Regulatory Authority, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2023 lija. Mchenga ndi miyala yomangira nazonso zimafuna chilolezo, ndiye musanayambe kukumba mchenga mu mtsinje wa Lilongwe kafunseni ku khonsolo. Mitengo ya ziphaso imasintha, choncho kaimvereni ku ofesi ndipo mukalandire lisiti.

Msika wovomerezeka uliponso. Kuyambira 2021 banki ya Reserve imagula golide kwa okumba ang'onoang'ono kudzera ku Export Development Fund. Wogulitsa mobisa amalandira mtengo umene venda wafuna, ndipo akaberedwa pasikelo alibe kokadandaula.

Tsopano ndilankhule ngati mlangizi. Chonde cha munda wanu chili m'nthaka yapamwamba, yakuda ija, yosapitirira pomwe khasu limafika. Imatenga zaka mazanamazana kuti ipangike. Wokumba akaitembenuza n'kuika lubwe ndi dothi lapansi pamwamba, chimanga chimakana ngakhale muthire feteleza. Maenje osakwirira amasunga udzudzu, amagwetsa ana ndi mbuzi, ndipo nthawi ya dzinja amagumukira okumba. Ena amagwiritsa mankhwala a mekyule pogwira golide. Mekyule akalowa m'madzi sachoka msanga: amalowa m'nsomba, amawononga ubongo ndi impso, makamaka kwa ana ndi amayi oyembekezera. Madzi omwewo ndi amene timathirira mpiru ndi tomato wopita ku msika wa Lizulu.

Ndiye munthu akabwera kudzapempha kuti akumbe m'munda mwanu, chitani izi. Muoneni chiphaso, dzina lake ndi malo olembedwapo. Itanani amfumu kapena a khonsolo akhale mboni. Lembani pangano la chipepeso pa mbewu ndi nthaka, komanso loti adzakwirira maenje n'kubwezera nthaka yakuda pamwamba. Akakana chimodzi mwa izi, musamulole. Ndalama ya tsiku limodzi imatha, koma dimba limadyetsa banja chaka ndi chaka. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Sindikuletsa munthu kuchita za migodi, ndi ntchito ngati ina iliyonse. Koma tsatirani ndondomeko: chiphaso, gulu, msika wovomerezeka, ndipo munda ukhale utalimidwa.

Zokambirana m'magulu: Kodi dimba lanu limakupatsani ndalama zingati pachaka? Muchulukitse ndi zaka 10. Kodi wofuna kukumba angakupatseni zofika pamenepo? Mayankho tidzamve sabata yamawa.