MASO A NYAMBO YA MTOBVU

Nkhani ya lero iri ya asodzi a ku Kitwe ndi ku Ndola, amene ataweruka ku nchito ya mgodi amapita ndi mbedza ku Kafue, ku damu la Mindolo kapena ku Kafubu kukafuna ndiwo.

Ambiri a iwo amadzipangira okha nyambo. Amasungunula mtobvu, nauthira m'cikombole mozinga khosi la mbedza, ndipo pambuyo pace amamangirira nthenga za nkhuku. Poikoka m'madzi ifanana ndi kansomba kothawa, ndipo nsomba zodya zinzace, monga nembwe, ziilumphira.

Koma kansomba kopanda maso kali ngati munthu wopanda nkhope. Anthu ophunzira za nsomba aganiza kuti nsomba zolusa zimalunjika pa diso, popeza pamenepo ndipo pali mutu. Ati ndico cifukwa cace tinsomba tina tiri ndi banga lakuda kufupi ndi mcira, lakusokeretsa mdani.

Bvuto ndi ili: diso lomamatizidwa pamwamba pa mutu wobulungira silikhalitsa. Nyambo ikagunda mwala kawiri kapena katatu, diso lapita. Cotero msodzi wanzeru amayamba walikumbira diso nyumba yace.

Mtobvu ngwofewa. Mutu utazizira, msodzi auika pa thabwa, natenga msomali waukulu wosongoledwa, naupotoza ndi dzanja kufikira patakumbika kadzenje kolingana ndi diso. Asakumbe kwambiri, angafike pa citsulo ca mbedza ndi kugwedeza mutu wonse. Maenje awiriwo alingane kukula kwace ndi malo ace, pakuti mbali imodzi ikapepuka nyambo iyenda copendekeka.

Atatero apake utoto pa mutu, naulekerere uume. Ndipo aike kamkanda koyera kapena kacikasu m'dzenjemo ndi guluu wosaopa madzi, nadonthezepo kadontho kakuda pakati. Potsiriza akute diso lonse ndi vanishi. Mlomo wa dzenje ndiwo udzalicinjiriza pa miyala ndi pa mano a nsomba.

Tsono pali cenjezo limene liposa nsomba kufunika kwace. Mtobvu usungunuka pa madigiri 327, ndipo dontho limodzi la madzi likagweramo uthethekera kumaso. Cifukwa cace cikombole cikhale couma ndithu. Ndiponso mtobvu ndi ululu wopha pang'onopang'ono, umene uononga nzeru za ana. Mgodi wa mtobvu wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma pfumbi lace linatsala m'nthaka, ndipo linadwalitsa ana ambiri a m'makomboni oyandikana nawo. Cotero msodzi asasungunulire mtobvu m'nyumba, kapena mu mphika wa amai ace a ana. Zinyenyeswa za pokumba maenje azisonkhanitse m'citini cotseka, asalume mtobvu ndi mano, ndipo asambe m'manja ndi sopo asanagwire nsima.

Caka ndi caka Boma la Zambia limaletsa usodzi kuyambira pa 1 December kufikira kumapeto a February, kuti nsomba ziswane. Miyezi itatu imeneyo ndiyo nyengo yabwino yakukonza nyambo mosafulumira, kuti pofika March zikhale ziri ndi maso ace olimba.