MSONKHO WA PA MALILE: KODI A TRUMP ANAFUNA CIANI?

Nkhani yathu lelo ndi ya msonkho wa pa malile umene Pulezidenti Donald Trump wa dziko la America anaika pa katundu wocokela kunja, coyamba mu 2018 ndipo kaciwili mu 2025. Anthu ambili amavomeleza kuti msonkhowo unadzetsa mavuto, koma amasiyana maganizo pa cimene mtsogoleliyu anali kufuna poika msonkhowo.

Tiyambe ndi kudziwa amene amalipila. Katundu akafika pa doko la America, wopeleka msonkho ku boma ndi wamalonda wa ku America yemweyo amene waitanitsa katunduyo. Iye amaonjeza ndalamazo pa mtengo, ndipo mtolo umathela pa mutu wa wogula m'sitolo.

Mu March 2018 a Trump anaika msonkho wa madola 25 pa madola 100 alionse a citsulo coloŵa m'dziko, pambuyo pake anaikanso wina pa katundu wambili wa ku China. Mu July caka comweco China inabwezela poika msonkho wa 25 pa 100 pa soya wa ku America. Inu alimi mudziwa cimene cimacitika nkhokwe zikadzala koma wogula wamkulu wacoka: mtengo umagwa. Boma la America linalengeza thandizo la madola 12 biliyoni kwa alimi mu 2018, ndi madola 16 biliyoni mu 2019, kuti atseke dzenje limene boma lomwelo linakumba.

Pa 2 April 2025 a Trump analengeza msonkho pa katundu wa pafupifupi maiko onse. Dziko laling'ono la Lesotho linaikilidwa 50 pa 100, cifukwa limagulitsa ku America zovala ndi daimondi koma limagulako zocepa. Ngakhale kuti pofika mu August msonkhowo unatsitsidwa kufika pa 15, ogula anali ataleka kale kuitanitsa zovala, ndipo amai ambili osoka m'mafakitale a ku Maseru anakhala pa nyumba.

Tsono zolinga zimene anthu amachula ndi zitatu. Ena akuti a Trump anafuna kubweza mafakitale ndi nchito ku America, makamaka m'zigawo za Pennsylvania, Michigan ndi Wisconsin, zimene mavoti ake anawathandiza kupambana mu 2016 ndi mu 2024. Ena akuti anafuna ndalama zoloŵa m'thumba la boma kuti acepetse misonkho ina. Enanso akuti msonkhowo unali cikwapu coopsezela maiko ena kuti avomele mapangano atsopano.

Anzanga, taonani kuti zolinga zitatuzi sizingayendele pamodzi. Ngati mafakitale abwelela ku America, katundu wakunja adzacepa, ndipo ndalama za msonkho zidzacepanso. Ngati boma lifuna ndalama zambili za msonkho, ndiye kuti katundu wakunja ayenela kupitiliza kuloŵa, mafakitale osabwelela. Ngati msonkho ndi cikwapu cabe cimene cingacotsedwe mawa pangano likacitika, palibe mwini cuma amene angamange fakitale ya zaka 30 podalila msonkhowo. Makolo athu anati, ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada.

Zocitika zenizeni zikugwilizana ndi zimenezi. Mu December 2019 akatswili a banki yaikulu ya America, Federal Reserve, anapeza kuti misonkho ya mu 2018 inacepetsako nchito za m'mafakitale, popeza mafakitale ogwilitsa nchito citsulo anayamba kucigula pa mtengo wokwela, ndipo maiko ena anabwezela. Mu 2025 mbali ina ya msonkho wolengezedwa pa 2 April inaimitsidwa kwa masiku 90 pa 9 April, patangopita sabata imodzi, misika ya ndalama itagwedezeka, pamene wa katundu wa China unakwezedwa kufika pa 145 pa 100.

Kwa ine, mizu ya nkhaniyi ndi iwili. Woyamba ndi cikhulupililo cakale. Mu 1987, asanaloŵe ndale, a Trump analipila nyuzipepala zazikulu za ku America kuti zisindikize kalata yao yodandaula kuti Japan ndi maiko ena akudyela America masuku pamutu. Kwa iwo, dziko likagula zambili kuposa zimene lagulitsa ndiye kuti labeledwa. Koma mlimi amene amagula feteleza kwa wamalonda wosagula cimanga cake sanabeledwe. Wapeleka ndalama, walandila feteleza.

Muzu waciwili ndi mphamvu. Malamulo oyendetsela dziko la America anapeleka nkhani ya misonkho ku nyumba ya malamulo, Congress. A Trump anailambalala pogwilitsa nchito lamulo la 1962 la citetezo ca dziko, ndi la 1977 la nthawi ya ngozi, ndipo mu May 2025 khoti ya zamalonda inagamula kuti lamulo la 1977 silinawapatse mphamvu zotelo. Munthu mmodzi akatha kukweza ndi kutsitsa msonkho ndi colembela cake, atsogoleli a maiko ndi eni makampani amafola pa khomo lake kukapempha cifundo, ndipo amene wamukondweletsa ndiye amapeputsilidwa.

Za mumtima mwa mtsogoleli anthu adzakanganabe. Koma inu amai ndi abambo, mtsogoleli aliyense akabwela ndi lamulo la zacuma, mufunseni zinthu zitatu: colinga cake ceniceni n'citi, adzalipila ndani, ndipo anafunsa yani asanalamule? Mlimi wa soya wa ku Iowa ndi mai wosoka zovala wa ku Maseru sanafunsidwe, koma ndiwo analipila.