Pansi pa Sitolo: Tiikepo Chiyani, Tikagule kwa Yani?

 Nkhani yathu lero ndi ya mbali ya nyumba imene aliyense amaiponda koma oiganizira ndi ochepa. Tikunena pansi pa sitolo.

Munthu akamakonzeka kutsegula bizinesi, mtima wake umakhala pa katundu, pa mashelefu, pa loko wolimba ndi pa chikwangwani cha dzina. Za pansi amati adzaona pomaliza ndi ndalama zotsala. Komatu taganizani. Denga likadontha, mmisiri amakwera pamwamba inu mukugulitsa. Khoma likada, mumalipaka laimu Lamulungu masana, Lolemba n'kutsegula monga mwa masiku onse. Koma pansi pakagumuka, mashelefu onse ayenera kutuluka, katundu akasungidwe kwa achibale, ndipo chitseko chikhale chotseka sabata imodzi kapena ziwiri. Masiku amenewo lendi siima, ngongole ya ku banki m'khonde siima, ndipo kasitomala amene wapeza potseka kawiri amazolowera kwa mnzanu wa kutsidya kwa msewu. Pansi ndiye mbali ya sitolo yofunika kuipanga kamodzi kokha.

Musanapite kukaona zokongola zimene zili pa msika, dzifunseni kuti pansi panupo padzadutsa chiyani, padzagwa chiyani, padzatayika chiyani. Yankho lake ndi limene lidzakusankhireni.

Mwini chigayo asadzivute ndi matailosi. Injini imanjenjemeretsa nyumba tsiku lonse, matumba a chimanga amakokedwa ndi kuponyedwa, ndipo chimene chingapirire zonsezi ndi konkire wokhuthala masentimita 10 kapena kuposa. Wogulitsa zipangizo za ulimi nayenso simenti amukwanira, koma adziwe kuti feteleza wa CAN ndi wa salufeti, ngakhalenso mchere, zimadya simenti pang'onopang'ono pakakhala chinyezi. Choncho matumba azikhala pa matabwa. Ku butchala ndi ku lesitilanti nkhani ndi ina. Simenti amamwa magazi, mafuta ndi msuzi, ndipo fungo likalowamo silituluka ngakhale mukolope katatu pa tsiku. Ntchentche zimalimva fungolo kasitomala asanalimve. Kumeneko matailosi si kunyada ayi, ndi ukhondo, ndipo pansi payenera kupendekeka pang'ono kuti madzi otsukira azitulukira kumodzi. Wometa ndi wa saluni afuna posalala posavuta kusesa tsitsi. Inu a m'mbali mwa nyanja, ku Mangochi, ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku Karonga, muli ndi mdani wanuwanu: mchenga wobwera ku mapazi. Umapala matailosi onyezimira mpaka pakhomo pamaoneka kanjira kotuwa.

Tsopano tilowe m'nthaka, pakuti pansi pabwino pamayambira pamene maso saona. Ku chigwa cha Shire, ku Phalombe ndi kuzungulira nyanja ya Chilwa kuli dothi la makande, limene limafufuma likanyowa ndi kung'ambika likauma. Simenti wothiridwa pa dothi lotere osalikonza amang'ambika nalo limodzi, ngakhale atakhala wokwera mtengo chotani. Dothi lapamwamba lichotsedwe, pathiridwe dothi lolimba kapena zidutswa za miyala, ndipo zitsenderedwe pang'onopang'ono, osati mulu wonse nthawi imodzi. Pamenepo pathiridwe mankhwala a chiswe, payalidwe mchenga pang'ono, kenaka pepala la pulasitiki lakuda lokhuthala lotchinga chinyezi chochokera m'nthaka. Pepala limeneli amisiri ambiri amalidumpha, eni nyumba nkumayesa apulumutsa ndalama. Dzinja likafika ndi pamene shuga amayamba kuundana m'mapaketi, ufa kuchita nkhungu, makatoni a sopo kunyowa kunsi. Amene adaona madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 sasowanso wowauza kuti pansi pa sitolo pakhale pokwera kuposa msewu ndi ngalande yake.

Ambiri a ife simenti ndiye amene tingamukwanitse, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Sitolo zakale za m'matauni athu, zija za makonde aatali, zambiri zili ndi pansi pa simenti wofiira pamene papondedwa zaka makumi angapo ndipo mpaka lero pamawala pakapakidwa polishi. Chinsinsi chake ndi muyeso ndi madzi. Muyeso wodziwika wa konkire ndi ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga ndi zinayi za miyala ya kwale. Pa sitolo ya mamita 4 m'lifupi ndi 5 m'litali, konkire wokhuthala masentimita 7 ndi theka amadya matumba pafupifupi 10 a makilogalamu 50, osawerengera wosalazira pamwamba. Mmisiri akakuuzani kuti matumba anayi akwana, musakondwe, akukuphikirani mchenga.

Za madzi ndi zimene ndikufuna mumvetse bwino, chifukwa ndi pamene ambiri amagwera. Simenti salimba chifukwa chouma ngati dothi lozira. Amalimba chifukwa cha kugwirana kwake ndi madzi, ndipo ntchito imeneyi imatenga masiku. Mukamulekerera kuti aume msanga ndi dzuwa la Okutobala, kulimba kumaimira panjira, ndipo pakapita miyezi yochepa pansi pamayamba kutulutsa fumbi losatha, kenaka timaenje. Choncho konkire akangogwira, muzimuthirira m'mawa ndi madzulo kwa masiku asanu ndi awiri, mutamufunditsa masaka onyowa kapena mchenga wonyowa. Mphamvu yake yokwanira amaifika pa masiku 28. Koma madzi ochuluka posakaniza ndiwo oipa: phala lamadzimadzi limapepukitsa ntchito ya mmisiri, koma limafooketsa pansi panu. Ndikudziwa kuti mtima umathamanga pamene katundu wafika kale ndipo lendi ikuwerengedwa. Kudikira sabata imeneyi n'kotchipa kuposa kudzatseka sitolo chaka chamawa.

Amene mwasankha matailosi, dziwani kuti si onse a pansi. Alipo opyapyala a khoma, amene amasweka kreti ya zakumwa ikangowagwera. A pansi omwe ali mitundu iwiri ikuluikulu: a seramiki wamba ndi a poselini. A poselini amawotchedwa pa moto waukulu, ndi olimba, ndipo samwa madzi kwenikweni. Kuwasiyanitsa n'kosavuta. Tembenuzani tailosi, mudonthezepo madzi kumsana kwake. Madzi akalowa msanga, ameneyo ndi seramiki wamba. Akakhala pamwamba, ndi poselini. Makatoni ena amalembedwa zilembo za PEI ndi nambala yolekezera pa 5, yosonyeza kupirira kwa nkhope ya tailosi. Pamalo podutsa anthu ambiri pafunika 4 kapena 5. Onyezimira ngati galasi amakopa maso, inde, koma walira mvula walira matope: tsiku la mvula amaterera, ndipo gogo akagwa pakhomo panu atanyamula botolo la mafuta ophikira, mudzi wonse udzamva. Nyowetsani tailosi, muipake ndi chala kapena muiponde ndi nsapato musanalipire. Oyera kwambiri ndi akuda kwambiri onse amaonetsa fumbi. Dziko lathu ndi la dothi lofiira ndi lotuwa, ndipo mtundu wofanana ndi dothi la kwanuko ndiwo sutopetsa wokolopa.

Tafika tsono pa funso lachiwiri: tikagule kwa yani? Ambiri amaganiza kuti chanzeru n'kukwera basi kupita ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, kumene mitundu ndi yambiri ndipo mtengo wa katoni umaoneka wotsika. Nthawi zina zimenezo n'zoona. Koma tiyeni tiwerengere limodzi. Sitolo yathu ija ya mamita 4 ndi 5 ili ndi masikweya mita 20. Tailosi ya masentimita 60 mbali zonse imaphimba gawo laling'ono lopitirira pang'ono limodzi mwa magawo atatu a sikweya mita, choncho pafunika matailosi 56. Muwonjezerepo limodzi pa khumi lililonse chifukwa cha odulidwa m'makona ndi osweka, afike 62. Katoni ya matailosi otere kawirikawiri imakhala ndi anayi, ndiye kuti makatoni 16, iliyonse yolemera pafupifupi makilogalamu 30. Umenewo ndi katundu wa pafupifupi theka la tani, wosweka, woyenda pa lole ya matola m'misewu imene inu mukuidziwa bwino kuposa ine. Onkhetsani ndalama ya basi, ya lole, ya onyamula, ya chakudya, ndi tsiku limene simudagulitse. Kutchipa kuja kumasungunukira panjira.

Komabe phindu lalikulu la mwini hadiweya wa pa tauni yanu si la ulendo wokha. Lili pa zimene zimachitika mutagula kale. Ntchito ili mkati, mmisiri amapeza kuti guluu wa matailosi wachepa thumba limodzi, kapena makatoni awiri atsegulidwa ali osweka. Ngati mudagula pafupi, mnyamata wa kabaza abwera nazo dzuwa lisanapendeke. Ngati mudagula kutali, ntchito yaima, ndipo wogulitsa wa kumeneko sakukumbukiraninso nkhope. Akuluakulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Wogulitsa wa kwanu amadziwa dothi la kwanu, amadziwa mtsinje umene uli ndi mchenga wabwino, ndipo koposa zonse amadziwa amisiri: amene ntchito yake imakhala, ndi amene makasitomala ake amabwerera chaka chisanathe kudzagula simenti wokonzera. Iye sangakuthaweni. Mumapemphera naye, mumakumana pa maliro, ana anu ali sukulu imodzi. Mbiri yake ndiyo mpamba wake.

Sindikunena kuti aliyense wa pafupi ndi wolungama. Sitolo yaing'ono katundu amakhalitsa, ndipo simenti sakonda kukhalitsa. Akapitirira miyezi itatu m'nyumba ya chinyezi amayamba kutaya mphamvu. Gwirani thumba: likhale lofewa ngati ufa. Ngati muli zibuma zosaphwanyika ndi zala, lisiyeni, ngakhale akuchotsereni mtengo. Onani mmene matumba asungidwira, ngati ali pa matabwa kapena angogonekedwa pansi ndi kutsamira khoma. Onani msoko wa thumba ngati sudatsegulidwepo, ndipo mukakayika, pemphani sikelo. Makilogalamu 50 ndi 50. Simenti wina amapangidwa konkuno, ku Kasungu, ku Blantyre ndi ku Mangochi, wina amalowa kuchokera ku Zambia ndi maiko ena oyandikana nafe. Pa thumba pamalembedwa nambala ya mphamvu yake, 32.5 kapena 42.5. Pansi pa golosale 32.5 akwanira ngati muyeso uli woona. Wogulitsa amene akwiya chifukwa mwafunsa zimenezi wakuuzani kale zonse zofunika kudziwa za iye. Wabwino amakutengerani yekha kumene kuli matumba, ndipo mukamufunsa sitolo imene idagula matailosi omwewo zaka ziwiri zapitazo, amakulozerani kuti mukadzionere.

Pa matailosi pali msampha wina umene ochepa amaudziwa. Matailosi a dzina limodzi ndi mtundu umodzi, akawotchedwa nthawi zosiyana, amasiyana pang'ono maonekedwe ndi kukula komwe. Pa katoni pamakhala nambala ya gulu limene adawotchedwera limodzi. Onetsetsani kuti makatoni anu onse ali ndi nambala yofanana. Tengani matailosi awiri, muwagundanitse nkhope ndi nkhope; ngati akugwedera kapena pakati pakuoneka mpata, ndi opindika. Ndipo gulani onse tsiku limodzi. Matailosi ambiri amachokera kunja, ndipo mtengo wake umatsata ndalama zakunja. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene ankagula katoni imodzi-imodzi pa kutha kwa mwezi adapeza kuti theka lachiwiri la sitolo likudula koposa loyamba, mwinanso mtundu wake sukupezekanso. Ngati ndalama sizikukwana, apa ndi pamene wa pafupi angakuthandizeni: mugwirizane kuti mulipire mbali ina, iye apatule makatoni anu nkuwalemba dzina. Koma zonse zilembedwe pa lisiti: chiwerengero, mtengo, nambala ya gulu, tsiku lotenga, ndiponso ngati adzalandira makatoni osatsegula mutawabweza. Chibale n'chabwino, koma pepala siliiwala.

Mawu ochepa kwa inu a lendi. Musaike matailosi m'nyumba ya eni popanda kulemberana kuti ndalamayo idzachotsedwa pa lendi, chifukwa tsiku losamuka simudzawazula. Ngati pansi pali posalala ndi pouma, kapeti wa pulasitiki wogulidwa pa mita angakusungeni kwa kanthawi, ngakhale amang'ambika msanga ndi miyendo ya mabenchi. Kuti mudziwe ngati pansi pali pouma, yalani kachidutswa ka pulasitiki madzulo, mukamate m'mbali monse. Mukapeza timadontho kunsi kwake m'mawa, chinyezi chikukwera, ndipo kapeti adzangobisa nkhungu.

Tsiku loika matailosi musachoke. Konkire akhale atakhwima. Guluu apakidwe pansi ponse, osati timadontho tinayi m'makona monga amachitira ofuna kuweruka msanga. Mawa lake tengani ndalama yachitsulo kapena chogwirira cha supuni, muyende mukugogoda tailosi iliyonse. Yogwira bwino imalira mogontha; imene ikulira ngati ng'oma ili ndi mphako kunsi, ndipo idzasweka tsiku limene silinda ya gasi kapena thumba la mchere lidzatsitsidwe pamenepo. Mmisiri aichotse, aiikenso musanamulipire ndalama yomaliza. Matailosi otsala musawagawe kwa achibale kapena kuwaika pa khonde. Sungani katoni imodzi kuseri kwa kauntala, yoimika chilili, pamodzi ndi lisiti lake.