Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsegulira Chionetsero cha Makapu Akale a Tiyi ku Mzuzu

 

Mukalowa m'chipindamo musakomedwe ndi golide wa m'milomo ya makapu. Muwerame pang'ono, muone kachishango kojambulidwa pamimba pa thipoti: pena mkango, pena mbalame, m'munsi mwake timawu ta Chilatini. Chimenecho ndi chizindikiro cha banja. Mwini nyumba ankafuna kuti mlendo akamapsontha tiyi adziwe kuti ali pakhomo pa yani. Akakwatira mkazi wa kubanja lotchuka, chishangocho ankachigawa pakati, uku cha mwamuna, uko cha mkazi. N'chifukwa chake akatswiri akapeza chaka cha ukwatiwo, amadziwiratu nthawi yomwe kapuyo inaumbidwa.

Poyamba Angelezi sankatha kuumba ziwiya zadothi zoyera chonchi. Ankatumiza chithunzi cha chizindikiro chawo ku Canton, m'dziko la China, pa zombo za East India Company, n'kudikira mwina zaka ziwiri. Wojambula wakumeneko Chilatini sankachidziwa, ndiye nthawi zina zilembo zinkabwera zopotoka. Kenako Angelezi anayamba kuumba okha: fakitale ya ku Worcester inayamba mu 1751, ndipo m'zaka za m'ma 1790 a Spode a ku Stoke-on-Trent anasakaniza dongo ndi phulusa la mafupa a ng'ombe, n'kupeza dothi lolimba koma lopyapyala moti mukalilozetsa kudzuwa kuwala kumadutsa. Boma lawo litatsitsa msonkho wa tiyi mu 1784, kuchoka pa 119 peresenti kufika pa 12.5, makapu anayenda malonda.

Tiyi wa nthawi imeneyo ankachokera ku China. Lero wina mwa tiyi amene Angelezi akumwa ndi wathu, wa ku Mulanje kumene Henry Brown anadzala mu 1891, ndi wa ku Thyolo. Kuno kumpoto tili naye ku Kawalazi, ku Nkhata Bay.

Koma chimene chandikhudza mtima ndi ichi. Ife chiwongo timachisunga pakamwa. Munthu akangoti ndine Jere, Gondwe, Nyirenda kapena Chirwa, akuluakulu amadziwa kwawo ndi makolo ake. Katundu wathu ndiye alibe dzina. M'nyumba zambiri ku Katoto, ku Chibavi ndi ku Zolozolo muli kabati yokiya, m'katimo makapu adothi omwe amatuluka pokhapokha kukabwera abusa kapena apongozi. Ena anabwera nawo agogo pochokera ku Joni kapena ku Harare, atawakulunga m'bulangete kuti asasweke panjira. Gogoyo akatisiya, ndani anganene kuti kapuyo inagulidwa kuti, chaka chanji, ndi thukuta la mgodi uti? Zidzukulu zimangoona kapu yobenthuka, n'kuyamba kutapira mchere.

Ana asukulu, ntchito ndakupatsani. Mukafika kunyumba mukafunse agogo za kapu, mbiya kapena mphika wakale uliwonse, mukalembe dzina la mwini wake, mudzi wake ndi chaka, pepalalo mukalisunge pamodzi ndi chiwiyacho. Mabanja amene angakonde, akakambirane ndi a Mzuzu Museum. Nanu oumba athu, anzanu a ku Dedza aonetsa kale kuti dongo la Malawi limatulutsa makapu okongola. Yambani kulembapo ziwongo za ogula.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti chionetserochi chatsegulidwa.