Mphatso Zathu N'zobwereka

Ambiri a ife timaidziwa Kafue chifukwa cha feteleza wa ku fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia. Koma tauni yomweyi yaleranso akatswiri a mpira. Lero tiganizire za mmodzi wa iwo, Enock Mwepu.

Mwepu anabadwa mu 1998 ndipo anakulira ku Chambishi. Luso lake linaonekera ku timu ya Kafue Celtic, komwe Patson Daka ankaseweranso. Mu 2017 anali m'gulu la anyamata osapitirira zaka 20 omwe anapatsa Zambia chikho cha Africa ku Lusaka. Chaka chomwecho anapita ku Austria, ndipo mu 2021 timu ya Brighton ya ku England inamugula. Ankatchedwa "Computer" chifukwa cha nzeru zake pabwalo, mpaka anakhala kaputeni wa Chipolopolo.

Mu Seputembala 2022 anadwala ali m'ndege, popita kukasewerera dziko lake ku Mali. Madokotala anapeza matenda a mtima akumtundu, namuchenjeza kuti akapitiriza kusewera moyo wake udzakhala pachiswe. Pa 10 Okutobala 2022 anasiya mpira ali ndi zaka 24 zokha.

Kodi ife sitikuudziwa ululu wotere? Timalima, timathira feteleza wangongole, kenako mvula imadula chimanga chikumasula, monga tinaonera mu 2024. Timadalira mphamvu za manja athu, mawa lake tagona pamphasa. Pa Yakobo 4:13-15 tikuchenjezedwa kuti tisamapange mapulani ngati kuti mawa lili m'manja mwathu, koma tiziika chifuniro cha Ambuye patsogolo.

Komatu nkhani ya Mwepu sinathere kuchipatala. Patangopita miyezi yochepa, Brighton inamupatsa ntchito yophunzitsa mpira ana aang'ono. Mtima unamuletsa kuthamanga, koma nzeru zija anayamba kugawira ena.

Abale, mphatso zathu n'zobwereka. Mwini wake akatenga imodzi, sindiye kuti watitaya. Agogo amene khasu lawakanika angathe kuphunzitsa adzukulu kusankha mbewu. Mayi amene sakuthanso kuyenda kupita kutchalitchi angathe kupempherera mudzi wonse ali pakhonde. Tisamangolira chimene chapita, tifunse chimene chatsala m'manja mwathu.

Tipemphere: Atate, mukatseka khomo limene tinkadalira, tipatseni mtima wodekha ndi maso oona ntchito imene mwatisiyira. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.